Tsiku la Maso ku Domasi ndi Benchi la a Makwinja

Tadala ndi Yamikani, ana anga, mwandikakamiza mokwanira kuti ndilembe za ntchito yanga mutu usanayambe kutaya zinthu. Za ubwana wanga ndazisiya, munazimva kale kwa amalume anu, ngakhale iwo amathiramo nsinjiro zambiri. Ndiyambira pamene ndinavala yunifolomu yoyera, ndipo ndithamangako pang'ono, chifukwa chimene ndikufunitsitsa kuti mudziwe chinachitika nditapuma kale pa ntchito.

1983

Ntchito yoyamba ya unamwino ananditumiza ku kachipatala ka kuseri kwa phiri la Zomba, cha ku Chingale, kumene basi inkafika ikafuna yokha. Mkulu wa pamalopo anali a Kachingwe, bambo wamfupi, wosaseka wamba, koma wodziwa dzina la mwana aliyense amene anabadwira pachipatalapo. Mankhwala ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo a m'maso ndiwo ankayamba kutha. Anthu akapeza kuti kulibe ankabwerera kumudzi kukafinyira masamba m'maso. Nyengo ina kunagwa chikuku, ndipo mayi wina anabwera ndi mwana wamkazi kumbuyo, zikope zitamatana ndi mafinya. Nditatsuka n'kutsegula, ndinapeza maso onse awiri atayera ngati mkaka. Ndisanatsegule pakamwa, a Kachingwe anagwada pafupi ndi mayiyo n'kumuuza pang'onopang'ono kuti mwanayo akhala ndi moyo, koma kuona sadzaonanso. Mayiyo atatuluka ndinawafunsa kuti, “Bwana, simukanangomuuza kuti tiyesetsa?” Iwo anandiyang'ana n'kunena kuti, “Nesi, ndikanatero, mayi uja akanamayenda wapansi sabata iliyonse kudzatenga chinthu chimene tilibe. Musamapatse munthu mawu amene m'kabati mwanu mulibe.” Mwana ameneyo ndiye anandichititsa kufuna kuphunzira za maso.

1992

Nditaphunzira za maso anandiika mu wodi ya maso ku Blantyre, kumene ndinakhala mpaka imvi. Bwana wanga anali a Dokotala Likongwe, mayi wamtali, wosalankhulalankhula, amene ankang'ung'udza nyimbo za m'tchalitchi akamachita opaleshoni. Ntchito yathu yaikulu inali ya ng'ala, kamtambo koyera kamene kamaphimba mkati mwa diso munthu akamakalamba. Kusowa kwa zipangizo kunatitsatira komweko. Nthawi zina ulusi wosokera unkatha, nthawi zina magetsi ankazima, odwala ena n'kumagona pamphasa pakati pa mabedi. Koma kunali chinthu chimodzi chimene sindinachizolowere zaka zonsezo: m'mawa wotsatira opaleshoni, pochotsa bandeji. Munthu amene anabwera atagwidwa dzanja ankaphethira, n'kuphethiranso, kenako n'kukuwa dzina la mdzukulu wake. Ena ankavina, ena ankangoyang'ana zikhatho zawo.

Analiponso ena amene maso awo anali atafa mitsempha, oti ngakhale a Dokotala sakanawathandiza. Amenewo tinkawauza zoona, koma mwachangu, chifukwa panja mzere unali utafika kumsewu. Ankatuluka mwakachetechete, ndipo kumene ankathera sitinkakudziwa.

2021

Ndinapuma pa ntchito n'kubwerera kwathu kuno kwa Malemia, m'nyumba imene tinamanga ndi malemu bambo anu. Ndinkati basi, tsopano ndi ine ndi khasu, nandolo ndi chinangwa. Anthu anapitiriza kunditcha a Nesi, ndipo wina kachitsotso kakamugwera m'diso ankagogoda pakhomo panga, koma kupitirira apo ndinkaona kuti za maso ndathana nazo.

2023, miyezi yozizira

Tsiku lina ndikupeta nandolo pakhonde, kunafika abusa a tchalitchi chathu pamodzi ndi a Makwinja. A Makwinja mukuwakumbukira, mkulu wa mpingo uja, mphunzitsi wopuma, amene ankawerenga Mawu Lamulungu lililonse ndi liwu lofika mpaka kumbuyo popanda chimkuzamawu. Anandiuza kuti gulu la madokotala a maso lavomera kudzaona anthu mwaulere pabwalo la tchalitchi, tsiku limodzi lokha. Adzabweretsa magalasi owerengera ndi mankhwala odontheza, ndipo a ng'ala adzawatengera mumzinda kukachita opaleshoni. Koma madokotalawo ndi ochepa, akufuna anthu a pamalo ophunzitsidwa bwino oti adzawathandize. Amene anayenda ulendo wonse wokawapempha anali a Makwinja. “A Nesi,” anatero, “mabenchi, madzi, chakudya cha alendo, kulengeza m'midzi, zonsezo ndisiyireni ine. Inu mungondiphunzitsira anthuwa.”

Tinkakumana Loweruka lililonse masana m'tchalitchi. Mavolontiya anga sanali anthu a chipatala ayi. Anali alimi, amayi ogulitsa tomato ku Songani, bambo wina wa kabaza, aphunzitsi angapo. Ndinawaphunzitsa kusamba m'manja asanagwire nkhope ya munthu, kuphimba diso limodzi ndi chikhatho osalifinya, ndi kuyeza maso ndi chipepala chimene chili ndi chilembo cha E chokhachokha, chachikulu pamwamba, chikumka chichepa kutsika m'munsi. Ubwino wa chipepala chimenecho ndi woti ngakhale wosadziwa kuwerenga amangoloza ndi dzanja kumene miyendo ya chilembocho yaloza. Ndinawaphunzitsanso kutsogolera munthu wosaona, kuti samukoka ngati mbuzi, koma amamupatsa mkono kuti agwire yekha, n'kumamuuza zimene zili kutsogolo. Titafika pa nkhani yoitana anthu, wina anafunsa ngati tiitanenso anzathu achisilamu a midzi yoyandikana nafe. A Makwinja anayankha ndisanayankhe ine. “Ng'ala ikamabwera imafunsa kuti umapemphera kuti? Kaitaneni aliyense.”

Loweruka lina ndinatenga magalasi akale, n'kuwapaka vaselini, n'kuwauza kuti aliyense avale ayende kuchoka kuguwa kukafika pakhomo. Poyamba kunali kuseka kokhakokha, anthu akugunda mabenchi. Kenako inafika nthawi ya Mayi Nasiyaya, wogulitsa tomato, mayi waphokoso amene pamsika palibe amamuposa pakamwa. Anayenda pang'ono n'kuima. Anavula magalasiwo, n'kukhala pabenchi, misozi ili chuchuchu. “A Nesi, ndi mmene amaonera apongozi anga?” Ndinati ngati ali ndi ng'ala, ndi momwemo. “Ine ndimawakalipira kuti akutaya madzi dala. Ndimawauza kuti ndi ulesi.” Kuyambira tsiku limenelo sindinafunikenso kuuza aliyense kuti azifika msanga. Ndaphunzitsapo anamwino ambiri mumzinda, koma sindinaonepo anthu akumva chinthu ndi thupi lonse ngati anthu amenewo.

Sabata yotsatira ndinawagawa awiriawiri kuti aziyezana okhaokha. A Makwinja anatsala opanda mnzawo, ndiye ndinati ndiwayeza ndine. Anaseka n'kunena kuti iwo ali ndi zambiri zoti akaone kunja, koma ndinawaumiriza. Ataphimba diso lamanzere, chilembo chachikulu chija sanachione n'komwe. Ataphimba lamanja, anayamba kuyendetsa mutu uku ndi uku ngati munthu wosuzumira pabowo la kiyi, mpaka anachipeza. Ndinachotsa chipepalacho msanga, n'kuuza gulu kuti lero tiwerukire pomwepa.

Titatsala awiri, ndinawaunika ndi tochi. Ndinkapemphera kuti ndione kamtambo koyera, koma m'maso mwawo munali mwakuda bwinobwino. Nditagwira pamwamba pa chikope ndi zala, diso linali lolimba ngati gwafa wosapsa. Ndinaidziwa nthendayo. Kuchipatala timaitcha gulokoma: madzi a m'diso amachuluka n'kumapanikiza mtsempha woonera, kuupha pang'onopang'ono kuyambira m'mbali, popanda ululu. Zimene zafa sizibwerera.

“Nanga Mawu mumawerenga bwanji?” ndinawafunsa.

“Mayi akunyumba amandiwerengera Lachisanu ndi Loweruka, ine n'kuloweza. Buku ndimangolitsegula kuti manja akhale ndi chogwira.” Anaseka pang'ono, kenako anatsitsa mawu. “Abusa sakudziwa. Koma zitha, si choncho? Madokotala akabwera andichotsa ng'alayi. N'chifukwa chake ndinalimbikira kukawapempha, a Nesi. Ndinati ndikapita ndekha mumzinda anthu adziwa, koma akabwera kuno ndidzangolowa pamzere ngati wina aliyense.”

Ndinawauza kuti ndifika kwawo mawa tikatuluka m'tchalitchi. M'ntchito yanga yonse sindinasenzepo katundu wolemera ngati amene ndinapita naye kunyumba tsiku limenelo. Ndikanatha kukhala chete, madokotala n'kudzawauza okha. Chilichonse cha tsiku la maso chinali pamapewa pa bambo ameneyu, ndipo ndinkadziwa kuti akagwa mphwayi, zonse zikhoza kugwa nawo, anthu a midzi yonseyi n'kutaya mwayi wawo. Koma kunali kudakali milungu ingapo, ndipo kabowo kamene ankaonerako kankatsekeka tsiku ndi tsiku. Mankhwala odontheza akanatha kukasunga, akayamba msanga. Ndinakumbukira a Kachingwe atagwada pafupi ndi mayi uja.

Ndinawauza pakhonde pawo, akazi awo ali pomwepo. Ndinati si ng'ala. Ndinati diso lamanja linapita, ndipo palibe dokotala, wa kuno kapena wa kunja, amene angalibweze. Ndinati lamanzere latsala pang'ono, ndipo mawa lomwe tikwere minibasi ku Songani tikatenge mankhwala. A Makwinja anati, “Zikomo, a Nesi. Mwayenda ulendo.” Anadzuka n'kulowa m'nyumba. Mumzinda tinapita, madokotala anatsimikiza zimene ndinanena, mankhwala anatipatsa, koma njira yonse, popita ndi pobwera, sanandilankhule.

Loweruka lotsatira sanabwere, linzakenso sanabwere. Lamulungu Mawu anawerenga munthu wina. Mabenchi amene anabwereka kusukulu sanatengedwe, uthenga m'midzi ina sunafike, mavolontiya anayamba kunong'onezana. Akazi awo anakafotokozera abusa, ndipo abusa anabwera kwa ine. “A Nesi, simukanadikira tsikuli lidutse?” Ndinati, “Abusa, tsiku likanadikira, koma diso silikanadikira.” Ndinayankha molimba mtima, koma mumtima ndinkaopa kuti ndagwetsa nyumba yonse pofuna kupulumutsa zenera.

Loweruka lomaliza, tili mkati mobwereza, chitseko chinatseguka. A Makwinja analowa atagwira mkono wa akazi awo, poyera, aliyense akuona. Anapita kutsogolo n'kuima pamalo pamene ankawerengera Mawu.

“Abale, ine ndine wakhungu,” anatero. “Zaka zapitazi ndakhala ndikukuwerengerani za pamtima. Matenda anga si ochiritsika, a Nesi anandiuza, ndipo ndinawakwiyira chifukwa anandiuza zoona. Mkwiyo watha. Tsopano ndili ndi funso. A magalasi mwawakonzera tebulo. A ng'ala mwawakonzera galimoto. Nanga anzanga ine, amene adzauzidwe kuti palibe chochita, akadzatuluka m'chipinda cha dokotala adzapita kuti?”

Ndinati nthawi zambiri amangobwerera kwawo.

“Ndinabwererako ine kumeneko, ndikukudziwa,” anatero. “Ndiikireni benchi pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Amenewo muzidzawabweretsa kwa ine.”

2023, tsiku la maso

Dzuwa lisanatuluke bwino pamwamba pa mitengo, bwalo linali litadzaza. Anthu anachokera ku Songani, ku Malosa, ena kutsika m'mphepete mwa phiri, ena atakwezedwa pa njinga, ena atagwira nsonga ya ndodo imene mdzukulu wagwira kutsogolo. Ndinaima pakhomo la tchalitchi n'kumayang'ana mavolontiya anga. Bambo wa kabaza uja ankayeza maso mofatsa ngati wabadwira m'chipatala. Mayi Nasiyaya anabwera ndi apongozi awo atawagwiritsa mkono, akuwauza kuti, “Amayi, apa pali mwala, kwezani phazi.” Ku tebulo la magalasi kunkamveka nthungululu nthawi ndi nthawi, wina akaona bowo la singano kapena zilembo za m'buku la nyimbo. Mmodzi wa madokotala anandifunsa kuti anthuwa agwira ntchitoyi zaka zingati, ndipo nditamuuza kuti ndi alimi ndi amalonda, anangopukusa mutu.

Masana ndinazungulira kuseri. Pabenchi paja panali anthu angapo, a Makwinja ali pakati. Sankalalikira. Ankafunsa munthu dzina, mudzi, amene amakhala naye, kenako n'kumuuza kuti, “Inenso anandiuza zomwezo mwezi wathawu.” Ankawafotokozera mmene amadonthezera mankhwala osataya, mmene anamangira chingwe kuchoka pakhomo kukafika kuchimbudzi, mmene anapemphera a m'nyumba mwawo kuti asamasunthe mipando. Bambo wina amene anatuluka kwa dokotala akulira ndinamupeza akutsutsana nawo za mbewu ya chinangwa yabwino. Zaka zonse zija ku Blantyre ndinkadzifunsa kuti anthu amenewa amathera kuti. Tsiku limenelo ndinaima kuseri kwa mtengo ngati mwana wa sukulu, ndikuona chinthu chimene palibe buku la unamwino linandiphunzitsa.

Chakumadzulo kunabuka vuto. Mayi wina wachikulire wachiyao, Abiti Jafali, anapezeka ndi ng'ala m'maso onse awiri, yokhwima bwino, yoti opaleshoni ikanamuthandiza ndithu. Koma anakana kukwera galimoto. Anamva kuti mumzinda amakolowola diso n'kuikamo la mbuzi. Ndinamufotokozera, dokotala anamufotokozera, mwana wake wamkazi anamuchonderera, koma iye anangomanga nsalu yake kuti azipita. Mayi Nasiyaya ndi amene anati, “Tiyeni mukapumeko kaye pamthunzi,” n'kupita naye kubenchi la a Makwinja.

A Makwinja anamulonjera m'Chiyao, n'kucheza naye za mpunga ndi za adzukulu. Kenako anamufunsa kuti ndi chiyani chimene amachilakalaka kuchiona. Iye anati mdzukulu wake wotsiriza, amene anabadwa maso a gogoyo atatsekeka kale, amangomudziwa ndi manja. “Amayi,” anatero a Makwinja, “diso lanu salichotsa. A Nesi awa ndawayesa, sanama, ngakhale pamene bodza likanakoma. Akati muona, muona. Malo amene akupatsani m'galimotomo alipo anthu amene akanawalandira ndi manja awiri.” Abiti Jafali anati, “Mawu anu ndi a munthu wosanyenga. Mukadzandinamiza, ndidzabwera kudzakutukwanani pompano.” Iwo anati, “Mudzandipeza.” Anakwera.

Galimoto itapita ndinafunsa a Makwinja chifukwa chimene mayiyu yekha sanamuuze za maso awo. Anati, “Akanati madokotala omwewo analephera pa ine. Mantha samva kusiyana kwa matenda.”

2023, patapita masiku ochepa

Tsiku limene a opaleshoni ankabwerera, abale awo anadzaza pabwalo. Galimoto itaima, apongozi a Mayi Nasiyaya anatsika okha, osagwira munthu, ndipo Mayi Nasiyaya anagwa pansi n'kumagubuduzika m'fumbi, tomato ataiwala kumsika. Abiti Jafali anatsika pomalizira, atavala magalasi akuda. Mwana wake anamupatsa khanda lija, iye analiyang'ana, n'kuliyang'ananso, akulankhula nalo m'Chiyao. Kenako analibweza n'kuyamba kuyang'ana nkhope za anthu mmodzimmodzi.

“Ali kuti bambo a mawu aja?”

A Makwinja anali pabenchi lawo, akumvetsera phokoso. Ndinamutengera komweko. Atamva mapazi anati, “Ndani ameneyo?” Abiti Jafali anawomba m'manja. “Ndi omwewa! Bambo, sindinabwere kudzatukwana. Ndikuona! Ndikuona mpaka masamba a mtengowu!” Anatambasula dzanja kuti awapatse moni. A Makwinja anatambasulanso lawo, koma linapita pambali, n'kumafufuza m'malere.

Mayiyo anaima. Anakweza magalasi akuda aja pang'ono, n'kuwerama, n'kuwayang'ana m'maso.

“Inu simuona?”

“Pang'ono pokha, amayi. Ngati pabowo la singano.”

“Nanga anu akuchitani liti?”

“Anga ndi a mtundu wina. Sachitika.”

“Tsiku lija munkadziwa?”

“Ndinkadziwa.”

Abiti Jafali anagwira pakamwa. Kenako anawagwira dzanja lija ndi manja ake onse awiri, n'kukhala pansi pafumbi patsogolo pawo, mayi wamkulu ngati ameneyo. Mwana wake anati, “Amama, tiyeni, dzuwa lapendeka, kwathu n'kutali.” Iye anamukaniza ndi mutu.

“Bambo, musagwedezeke,” anatero. “Khalani momwemo.”

“Bwanji kodi, amayi?” anafunsa a Makwinja akuseka.

“Maso angowatsegula kumene, sanadzaze zinthu. Ndikufuna nkhope yanu ilowe pakadali malo.”

A Makwinja anasiya kuseka. Anawongola msana, anakonza kolala ya malaya awo, n'kukhala phee. Ife tonse, abusa, mavolontiya, ine mayi wanu, tinaima pomwepo osatsokomola n'komwe, mpaka mayiyo atamaliza kuyang'ana.